Mgwirizano wa maiko pa zaumoyo umayambira m'kaundula wa pachipatala

Mwezi uno maphunziro anga afika pa malamulo a zaumoyo omwe maiko adamvana, otchedwa International Health Regulations a 2005. Adayamba kugwira ntchito mu June 2007 ndipo amamanga maiko 196, Malawi ndi Mozambique momwemo. Ukamawawerenga uli kuno kuchigwa cha Shire, komwe tsidya la mtsinje ku Nsanje ndi dziko lina kale, nkhaniyi siikhala yakutali ayi.

Matenda akabuka, dziko lili ndi maola 48 oti liunike, kenako maola 24 oti lidziwitse bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO. Pounikapo mafunso ndi anayi: kodi vutoli ndi loopsa pa miyoyo ya anthu, ndi lachilendo, lingawoloke malire, nanga lingachititse maiko ena kuletsa maulendo ndi malonda? Awiri akayankhidwa kuti inde, uthenga uyenera kupita. Poliyo wachilengedwe uja amamutcha wild sadikira mafunsowa, wodwala mmodzi ndi wokwanira.

Tidaziona mu February 2022, boma litalengeza za mwana wa ku Lilongwe yemwe adapuwala ndi kachilombo kochokera ku Pakistan. Chaka chomwecho ana 8 adapezeka nako m'chigawo cha Tete ku Mozambique, chomwe tili nacho malire. Pa ana pafupifupi 200 otenga kachilomboka, mmodzi yekha ndiye amapuwala, enawo amangokafalitsa osadziwika. N'chifukwa chake Malawi, Mozambique, Zambia, Tanzania ndi Zimbabwe adayesetsa kupereka katemera nthawi zofanana. Masiku akasiyana, mwana yemwe wapita ndi amake kumaliro kutsidya amaphonya kuno, ndipo pobwerera amaphonyanso uko. Inki yomwe amapaka pa chala chaching'ono cha mwana imayankhula bwino kuposa khadi, poti aliyense amaiona, wowerenga Chingerezi kapena Chipwitikizi.

Koma pomwe mtima wanga wakhazikika ndi pa kolera. Mliri womwe udayamba mu March 2022, namondwe Ana atangodutsa, udadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700 m'dziko muno. Nsanje inali m'gulu la maboma oyamba kukhudzidwa.

Taganizani wodwala wafika pa bwato kuchokera mbali ya Mutarara kapena Morrumbala, maso atalowa m'kati, khungu ukalitsina osabwerera. Choyamba ndi madzi: thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino, kapena dripi ngati sakutha kumwa. Kaundula amabwera pambuyo, ndipo apa mpamene zinthu zimasokonekera. Wina amangolemba kuti "Mozambique" basi. Pena wodwalayo, poopa kubwezedwa, amatchula mudzi wa achibale ake a kuno. Zikatero alangizi a zaumoyo amakathira klorini m'zitsime za mudzi womwe ulibe vuto, pomwe chitsime chenicheni kutsidya chikudwalitsabe anthu.

Kolera amaonekera pakati pa maola ochepa ndi masiku asanu munthu atatenga tizilombo. Ndiye mzere wa m'kaundula ukhale ndi mudzi, mfumu yake, doko lomwe adawolokera, komwe wakhala akumwa madzi masiku asanu apitawa, komanso ngati adali kumaliro kapena kumsika. Womufunsa ayambe wamutsimikizira kuti chithandizo alandira ndithu, ndipo amufunse m'Chisena. Tsiku lomwelo uthenga ufike kwa anzathu a zaumoyo a boma la kutsidyalo. Ukadikira kudzera ku Lilongwe ndi ku Maputo kokha, umafika maliro atachitika kale.

Katemera wa kolera nayenso ndi wogawana. Amachokera m'nkhokwe ya maiko onse yomwe idakhazikitsidwa mu 2013, ndipo mu October 2022 atachepa, adagamula kuti munthu azilandira kamodzi m'malo mwa kawiri. Dziko lobisa ziwerengero limadzimana lokha, chifukwa pempho la katemera limaima pa ziwerengero zomwezo.

Ena amati bwanji osangotseka malire. Malamulowa salola ziletso zopyola muyeso zopanda umboni wa sayansi, ndipo ine ndikugwirizana nawo. Mukatseka chipata cha Marka, anthu sasiya kukalima kudimba kapena kukaona odwala. Amangosamukira ku madoko a m'bango, usiku, komwe kulibe ndowa ya klorini yosamba m'manja, kulibenso munthu wolemba dzina la mudzi wawo.