Chikoka si kukongola

Mawu oti chikoka amachokera ku mneni "kukoka", womwe uja timanena pokoka chingwe kapena ngolo. Munthu wachikoka ndi amene anthu amangopezeka amuzungulira, iye osawaitana. Akayamba kuyankhula pamaliro, ngakhale amayi amene amapakula nsima kuseri amayamba aima kaye, chipande chili m'manja.

Ambiri amalakwitsa posokoneza chikoka ndi kukongola. Kukongola ndi kwa nkhope ndi thupi, ndipo mtsikana wokongola kwambiri timamutcha chiphadzuwa. Koma chiphadzuwa chikhoza kukhala chopanda chikoka, anthu n'kumangochiyang'ana chapatali. Kutchenanso ndi nkhani ya zovala basi. Nsangala ndiyo imayandikirako, poti wansangala amalandira bwino alendo ndipo kuseka sikumuvuta, komabe alipo anthu ofatsa, osayankhulayankhula, amene chikoka chawo n'chachikulu kuposa cha wanthabwala.

Pamene pamafunika kusamala ndi pa "kukopa". Kukopa munthu amachita dala: wandale amakopa anthu pa kampeni, wogulitsa kaunjika amakopa makasitomala ndi mfuu. Chikoka sachita, amakhala nacho. N'chifukwa chake timati "ali ndi chikoka" kapena "alibe chikoka". Kunyengerera ndiye kuli kutali, chifukwa wonyengerera amachita kuchonderera mofatsa kuti umuvomere.

Polemba, mawuwa amatenga "cha": chikoka chake, chikoka chachikulu. Akamafotokoza dzina amalumikizika: mtsogoleri wachikoka, mawu achikoka, nyimbo yachikoka. Musaikepo "h", chifukwa khoka ndi ukonde wa asodzi.

Si anthu okha ayi. Olemba zampira amati masewero a Bullets ndi Wanderers ndi achikoka, kutanthauza kuti amadzaza bwalo. Koma chinthu chongosangalatsa maso, monga nyumba yopentedwa bwino, timati n'chopatsa kaso, ndipo ndiwo zonunkhira n'zopatsa mudyo. Kunena kuti chambo chowotcha n'chachikoka kumamveka, koma khutu limakana.

Tanthauzo lina ndi la kwa asing'anga. Mankhwala achikoka ndi amene ena amakhulupirira kuti amaitana makasitomala pa geni kapena kuchititsa kuti munthu azikondedwa ndi aliyense. Amasiyana ndi kondaine, amene amalunjika munthu mmodzi, kawirikawiri mwamuna wa m'nyumba. Choncho mukauza mayi wogulitsa mandasi kuti "muli ndi chikoka", onetsetsani kuti nkhope yanu ikuseka, kuopa angamve ngati mukuti anapita kwa sing'anga.