Lachinayi ku Kamwendo, tsiku lomwe ndinakhala kumbuyo

Ndafika pakhomo kutada kale, fumbi la ku Mchinji lili tho m'tsitsi, koma tulo sindingatione ndisanalembe za lerozi.

Tinanyamuka mu Lilongwe cha m'ma 6 koloko m'mawa, ine, adalaivala ndi mtsikana wathu watsopano uja, mlangizi amene tinamulemba ntchito miyezi itatu yapitayo atangomaliza maphunziro a zaulimi. Lero kanali koyamba kuti aime yekha pamaso pa alimi a m'makalabu a mtedza, ndipo nkhani yake inali ya chuku. Dzulo usiku ananditumizira masilaidi 34 pa WhatsApp. Oyambirira onse ankakamba za ife: bungwe linayamba liti, masomphenya athu, maboma omwe tikugwirako ntchito, chithunzi cha ofesi. Mlimi anadzatulukira pa silaidi ya 19, ndipo anatulukira ngati munthu wopalamula mlandu. Sindinamudzudzule, chifukwa mwanayu anangotengera zomwe amationa akuluakulufe tikuchita m'misonkhano ya m'mahotela.

Titadutsa pa Chitedze, pomwe akatswiri amafufuzira mbewu za mtedza ngati CG7 amene alimi athu ambiri amabzala, ndinamufunsa ngati agogo ake ankamuimbira nthano. Anati eya. Ndinamukumbutsa ija ya mwana wamasiye amene mtsuko wake unakokoloka ndi madzi, iye n'kumautsatira m'mbali mwa mtsinje mpaka kukumana ndi nkhalamba ya manthongo. Agogo anga aakazi akafika pamenepa ankatsitsa mawu, ife tonse n'kusendera kufupi ndi moto, "tili tonse" wathu akutuluka monong'ona. Nkhalamba ija imapempha mwanayo kuti ainyambite manthongo. Akatero, imamuuza njira yoti atenge pamphambano, dengu loti asankhe akakamupatsa awiri, ndi kuti asalivundukule panjira. Basi. Nkhalambayo sidzuka kuti imuperekeze, simusenzera dengu, ndipo nthano ikamatha mwana uja akusangalala ndi chuma chake, palibe amaitchulanso.

"Ndiye m'nthano yalero, iwe ndiwe ndani?" ndinamufunsa.

"Amayi, si ndine mwana wamasiyeyo? Amene akukakumana ndi zoopsa ndine."

Ndinamuuza kuti kwa ine ndi zoona, mwanayo ndi iye. Koma akaima pamaso pa alimi, iye ndiye nkhalamba. Ulendo ndi wa alimiwo, mtedza ndi wawo, ana odya phala ndi awo. Chake n'kudziwa kanthu kamodzi ka panjira kamene iwo sakukadziwa, n'kuwapatsa. Anakhala duu mpaka ku Namitete, kenako anatseka laputopu n'kuyamba kulemba m'kope.

Msonkhano unali pansi pa mtengo wa mango, anthu ngati 60, amayi pamphasa, abambo pamabenchi obwereka kutchalitchi. Amfumu atatilonjera anandilozera mpando wa kutsogolo, wokhala ndi kansalu. Ndinathokoza, ndinapereka moni, ndinati wobweretsa uthenga lero ndi mlangizi wathuyu, kenako ndinapita kukakhala kumapeto kwa mphasa pamodzi ndi amayi oyamwitsa. Anthu ena anadabwa, ndinaona.

Anayamba bwino. Anafunsa kuti ndani wamaliza kukumba, ndani akuthothola, ndani wayamba kuswa. Manja anakwera. Koma atangonena kuti kuwaza madzi pa mtedza pofuna kuswa ndiko kumaitana chuku, bambo wina wachikulire wa chipewa cha mlaza anaimirira.

"Mwana iwe, mtedzawu tinayamba kulima amayi ako asanabadwe. Mtedza wathu wa Chalimbana unkakwera sitima kupita ku Ulaya. Ukapanda kuwaza madzi, makoko amauma gwa, zala zimatuluka matuza, mtedza umathetheka, venda n'kukudula mtengo. Unayamba waswapo thumba limodzi ndi zala zakozo?"

Anthu anaseka, ena anaomba m'manja. Mtsikana uja anatembenuka n'kundiyang'ana. Ndinaona kope likunjenjemera m'dzanja lake. Yankho linali kale pakamwa panga, la zaka zambiri, losalala, ndipo miyendo inali itayamba kudzuka yokha. Ndinagwira mkanda wa mwana wa mayi amene ndinayandikana naye n'kumausewera, maso pansi. Mtima unkandipweteka ngati ndataya mwana pamsika. Ndikuganiza kuti panadutsa masekondi 20 okha, koma kwa ine anali ngati ola lathunthu.

Kenako ndinamva mawu ake, otsika. "Agogo, zoona, sindinaswepo thumba. Ndiphunzitseni." Anapempha lichero la mtedza woswa, mayi wina anathamangira kunyumba yapafupi n'kubwera nalo. Anagwada pansi, chitenje chili m'fumbi, n'kupempha agogo aja kuti amusonyeze mmene amasankhira wopita kumsika. Iwo anasankha mwaluso, wonona mbali iyi, wonyala, wothetheka ndi wakuda mbali inayo. Kamulu ka woipa kanakwana dzanja limodzi.

"Nanga uwu mumatani nawo?"

Anayankha ndi amayi, angapo nthawi imodzi. "Timasinja. Ndiye nsinjiro zathuzo. Wina timathira m'phala la ana."

Apa mpamene ananena zomwe anabwerera, m'mawu ochepa kwambiri. Anati poizoni wa chuku amachuluka mu mtedza wonyala ndi wowolawo, saoneka ndi maso nthawi zonse, ndipo safa ngakhale mukazinge kapena muphike. Amapita kukawononga chiwindi pang'onopang'ono, mpaka ena kudwala khansa. Pa silaidi yake ina panali malire a ku Ulaya aja, oti poizoniyu asapitirire mamayikulogalamu 4 pa kilogalamu ya mtedza woti anthu adye. Sanawatchule n'komwe. Anangoti wabwino tikupatsa alendo, woopsa tikudyetsa ana athu. Pamphasa panati zii. Mayi amene ndinayandikana naye anamukokera mwana wake pachifuwa.

Zotsatira zake sizinalinso za iye. Alimi anayamba kutsutsana okhaokha. Mlimi wina wachitsanzo anatenga zikonyo za mtedza n'kuonetsa kaunjikidwe koumitsira mtedza kotchedwa Mandela cock, mulu wozungulira, mtedza kuloza mkati, masamba kunja, pakati kusiya mpata wodutsa mphepo. Wina anati vuto n'kuyanika pa dothi, wina anati n'kuthira m'matumba usanaume. Agogo a chipewa aja sanagonje pa nkhani ya matuza, ndipo sanalakwe. Mtsikana wanga anangoima pambali, akulemba.

Madzulo ano ndakhala ndikuganiza za liwu lachingerezi loti mentor, lotanthauza munthu wolangiza ndi kukulitsa mnzake pantchito, limene timalitchula kwambiri m'maofesimu. Poyamba linali dzina la munthu. M'ndakatulo yakale ya Agiriki, Odyssey ya Homer, Odysseus popita kunkhondo ku Troy anasiya nyumba yake m'manja mwa mnzake Mentor. Patapita zaka, mulungu wamkazi Athena anadzisandutsa Mentor kuti alimbitse mtima mwana wa Odysseus, Telemachus, apite kukafunsa za bambo ake. Anamupezera ngalawa ndi anyamata opalasa. Koma atafika ku Pylos, mnyamatayo atachita manyazi kuti sadziwa kuyankhula ndi akuluakulu, Athena sanamuyankhulire. Anamuuza kuti akafunse yekha kwa mfumu Nestor, ena mwa mawu adzawapeza mumtima mwake. Tsiku lomwelo Athena anauluka ngati mbalame n'kumusiya kuti ulendo wa ku Sparta aupitirize popanda iye.

Ife kwathu kuno munthu wotereyu tili naye kalekale, ndi phungu. Namkungwi ndiye mwini mwambo, koma phungu ndi amene amakhala pambali pa namwali, kumunong'oneza, kumukonza nsalu, kumuuza pogwada ndi poyang'ana. Tsiku lotuluka, anthu amafupa namwali, maso onse ali pa iye. Phungu amene angafune kuti bwalo lizimuyang'ana iyeyo ndiye kuti waiwala chomwe anamuitanira.

Ndikulemba izi chifukwa ndikudziwa kuwawa kwa mbali inayo. Bwana wanga woyamba, kuntchito ina kalekale, anali munthu wanzeru zedi. Lipoti lililonse limene ndinkalemba ankalikonza ndi cholembera chofiira mpaka osalizindikira, kenako n'kukaliwerenga yekha kumsonkhano ine nditanyamula mafayilo. Munthu akandifunsa funso, iye ankayankha ndisanatsegule pakamwa. Ankati akunditeteza, ndipo ndikukhulupirira kuti ankanena zoona. Ndinakhala naye zaka 4, ndipo ndinachoka ndikudziwa zambiri za mtedza koma ndikuopa mawu anga omwe. Lero pansi pa mango paja ndinatsala pang'ono kumuchita mwana wa eni zomwezo, ndi mtima wabwino womwewo.

Koma kukhala chete kokha si uphungu. Athena uja anapeza ngalawa. Pobwerera, titangodutsa pa Namitete, mtsikana uja anati, "Amayi, agogo aja akunena zoona. Tikamagula woswa okhaokha, anthu sasiya kuwaza madzi. Bwanji tizigula wa makoko, tiziswa tokha ndi makina?" Limeneli ndi gawo langa tsopano. Iye sangasinthe kagulidwe ka bungwe, sangalowe m'komiti ya zachuma, sangapeze malo osungira matumba ochuluka chonchi, pakuti wa makoko umadya malo. Ndinamuuza kuti alembe tsamba limodzi, m'mawu ake, dzina lake pamwamba, ndipo Lolemba akalifotokoze yekha kukomiti. Ine ndiyamba mawa kuyankhula ndi a zachuma mmodzimmodzi kuti akadzalowa asadzapeze chitseko chotseka.

Anandifunsanso ngati ndinakwiya pamene anandiyang'ana ine osadzuka. Ndinamuuza zoona, kuti ndinkafuna kudzuka ndi mtima wanga wonse. Anaseka, kenako anagona mutu uli pagalasi mpaka ku Area 25.

Sabata yamawa kuli msonkhano wina ku Mkanda. Ndasayinira kale mafuta a njinga yamoto, ndipo pa fomu ya ulendo pali dzina limodzi lokha. Wati akatenga lichero lake.