Tinaswa pisitoni kaye tisanatsegule galaja

Galaja yathu yosintha injini za magalimoto ili ku Lilongwe, koma maganizo ake anabadwira pa Khwekhwerere. Tinkachokera kumaliro ku Mangochi, anthu asanu mu ka Vitz kanga ka injini yaing'ono ya 1.0, ku buti kuli thumba la mpunga ndi usipa. Titangochoka pa Golomoti kuyamba kukwera cha ku Masasa, kagalimoto kanayamba kulira ngati mbuzi yomwe yaona mpeni. Phazi lili pansi, koma liwiro la munthu woyenda wapansi. Alamu anga ali kumbuyo anafunsa mwaulemu kwambiri, "Alamu, titsike tikankheko?" Onse anaseka. Ine ayi.

Nthawi imeneyo ndinali makaniko waganyu, wogona pansi pa magalimoto a anthu cha ku Biwi. Ndinkadziwa kuti injini ya ka Vitz kangako, 1SZ-FE, imatulutsa ma horsepower 70 basi, komanso kuti ukamakwera kumtunda mpweya umapepuka ndipo injini yopanda turbo imafooka. Dedza ili pamwamba kwambiri kuposa kunyanja. Ndiye ndinati mankhwala ake ndi turbo, kachipangizo kokankhira mpweya wambiri mu injini.

Ndinagula ka turbo ka CT9 kochokera mu Starlet Glanza kwa wogulitsa masipeya wina. Mnzanga wowotcherera anandipangira mapaipi, tinamanga, tinaliza. Milungu itatu ndinali mfumu ya mumsewu. Kamluzu kaja kakamveka, anyamata apasiteji ankatembenuka. Sabata yachinayi, ndikuyandikira pa Nathenje, ndinamva phokoso ngati wina waponya miyala m'chitini, kenako utsi woyera. Injini inanoka.

Nditaimasula ndinapeza pisitoni imodzi itasungunuka m'mphepete. Apa m'pamene ndinakhala pansi n'kuyamba kuwerenga zomwe ndinayenera kuwerenga ndisanagwire sipanala. Injini ya Glanza, 4E-FTE, ndi ya 1.3 koma imatulutsa ma horsepower 135 chifukwa Toyota anaipangira turbo kuyambira pachiyambi. Compression yake, kutanthauza mmene pisitoni imapanikizira mpweya ndi petulo, ndi yotsika, 8.2 pa 1, ma injector opopera petulo ndi aakulu, ili ndi intercooler yoziziritsa mpweya, ndipo kompyuta yake imadziwa kuwonjezera petulo turbo ikayamba kukankha. Yanga inali ndi compression ya cha m'ma 10, ndipo kompyuta sinkadziwa n'komwe kuti pali turbo. Mpweya unachuluka, petulo n'kuchepa, moto wa mkati unapitirira muyezo. Ndinadyetsa mwana wakhanda kondowole.

Mayi akunyumba sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Abambo, ndiye fizi ya ana ndi imene yasanduka utsiyo?" Kuyambira tsiku limenelo mpaka lero, kabuku ka ndalama amasunga ndi iwo.

Galimoto inakhala pamiyala miyezi ingapo. Poti injini ndinkafunika kugula ndithu, ndinati bwanji ndigule yokulirapo. Ndinapeza hafu kati, kutanthauza theka lakutsogolo la galimoto yodulidwa kunja, ya injini ya 1NZ-FE, ya 1.5, ma horsepower 110. Iyi ndi injini yomwe ili mu Corolla NZE, Fielder, Probox, IST ndi ma Sienta omwe adzaza m'masiteji mwathumu, choncho masipeya ake sasowa ngakhale pa trading centre. Chinanso, Toyota eni ake anaiika kale mu Vitz RS, ndiye malo ake m'boneti alipo. Ndinasamutsa zonse: injini, giyabokosi, ma mounting, mawaya, kompyuta, redieta. Nditabwerera pa Khwekhwerere ndi anthu asanu omwe aja, alamu anagona tulo.

Kasitomala woyamba anali mphunzitsi wina amene anakwera nawo ulendo wina wa ku Ntcheu. Iyeyo anauza mnzake, mnzakeyo n'kuuza wa takisi. Sitinalembepo chikwangwani kwa chaka chathunthu.

Anthu amaganiza kuti ntchito yaikulu ndi kunyamula injini. Imeneyo ndi ya tsiku limodzi, bola tcheni ndi anyamata awiri odya bwino. Chimene chimatigoneka mochedwa ndi mawaya. Pulagi imodzi ikasiyana, galimoto ilira koma geji ya kutentha siyenda, kapena fani sizungulira, kapena ingokana kulira chifukwa kiyi ndi kompyuta sizikudziwana. N'chifukwa chake injini yobwera yokha, yomwe mawaya ake anadulidwa ndi chikwanje, timaikana. Tikufuna hafu kati, kapena injini yobwera ndi mawaya, kompyuta ndi kiyi wake. Yophweka kwambiri ndi Vitz ya 1.3, chifukwa injini yake, 2NZ, ndi 1NZ ija ndi ana a mimba imodzi. Ya 1.0 imafuna zambiri. Ma Vitz a 1.0 amene anayamba kutuluka mu 2005, a injini ya masilinda atatu ya 1KR ndi giyabokosi ya otomatiki ya CVT, nthawi zambiri timamuuza mwini wake kuti agulitse n'kugula ya 1.3 kapena 1.5, chifukwa ndalama yosinthira ingapose phindu lake. Ena amakwiya. Amaona ngati tikukana ndalama chifukwa chakhuta.

Mabuleki sitikambirana. Vitz RS inabwera ndi mabuleki a disiki mpaka kumbuyo, ndipo sanaike pofuna kukongoletsa. Munthu akafuna injini koma akukana kukonza mabuleki, ma shock ndi matayala, timam'perekeza pageti mwaulemu. Chimodzimodzinso mapepala. Nambala ya injini ikasintha, iyenera kusinthidwanso ku Road Traffic kuti igwirizane ndi blue book, ndipo a inshuwalansi adziwitsidwe. Risiti ya injini timaisunga ngati chiphaso cha ukwati, chifukwa injini zakuba ziliko, ndipo wogwidwa nayo ndi amene waimanga.

Za turbo amabwerabe, makamaka anyamata amene aonera mavidiyo pa YouTube. "Bwana, ndikufuna izilira psss." Ndimatsitsa pisitoni ija pashelefu n'kuwapatsa m'manja. Akaitembenuza kawiri, ndimawawerengera zofunika: ma injector, pampu ya petulo, intercooler, mapaipi a oyilo, klatchi yolimba, kompyuta yotheka kuichuna ndi munthu woidziwa. Ambiri amafika pakati pa mndandanda n'kufunsa mtengo wa 1NZ. Sindidana nayo turbo, ayi. Starlet yobadwa nayo ikabwera ndimasiya nsima. Chimene ndimakana ndi kuimata pa injini yomwe sinakonzekere, pa ndalama ya munthu amene mawa akufuna kupita nayo kuntchito.

Kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 kunatipweteka. Tinali titalandira kale ndalama za makasitomala awiri pa mtengo wakale, ndipo injini zinafika pa mtengo watsopano. Tinamaliza ntchitozo moluza. Panopa mayi salola kutchula mtengo injini isanatsike mu lole. Mizere ya petulo nayo inasintha mafunso. Kale munthu ankayamba ndi kufunsa liwiro, lero amayamba ndi malita. Ndimawayankha zomwe ndaona: 1.5 yoyendetsedwa mofatsa siisiyana kwambiri ndi 1.0 yomwe ukuipondereza tsiku lonse itasenza katundu, koma phazi likalemera imamwa ndithu.

Mwezi watha kunabwera bambo wina wa takisi amene tinamuikira 1NZ kalekale, akufunsa ngati tingamubwezere injini yaing'ono. Ndinamuuza kuti ayambe wasintha woyendetsa, tionane pakatha mwezi. Sanabwerebe, ndipo 1SZ imene ndinamusungira ili pakona, yofunditsidwa lona.