Kukumbukira ndewu yomwe sunamenye

Pokonzekera mayeso a saikoloje (maphunziro a maganizo ndi khalidwe la munthu), ndakhalitsa pa kafukufuku wa Julia Shaw ndi Stephen Porter wa mu 2015, woona ngati munthu angakumbukire mlandu womwe sanapalamule. Anatenga ophunzira a pa yunivesite ku Canada, n'kuyamba afunsa kaye makolo awo za ubwana wa anawo. Kenako wophunzira ankamuuza nkhani ziwiri, ina yoona, ina yopeka. Ena anauzidwa kuti ali ndi zaka pakati pa 11 ndi 14 anamenya munthu kapena kuba, mpaka nkhani inafika kupolisi. Ukathyali unali pakuti m'bodzamo ankathiramo zoona pang'ono: dzina la mnzake wa nthawi imeneyo, tauni yomwe anakulira. Akati sakukumbuka, ankamulimbikitsa kuti ayerekeze m'maganizo momwe zinachitikira, poti ambiri akalimbikira amakumbuka. Atacheza nawo katatu, ofufuzawo anati 70 peresenti ya omwe anauzidwa za mlandu anayamba kuukumbukira, ena mpaka kulongosola maonekedwe a apolisi.

Chiwerengerochi chinatchuka kwambiri, koma si onse anachivomera. Mu 2018 ofufuza ena, Kimberley Wade, Maryanne Garry ndi Kathy Pezdek, anaunikanso mayankho omwewo ndipo anapeza pakati pa 26 ndi 30 peresenti. Iwo anati kunena kuti "mwina ndinachitadi, poti makolo atero" n'kungokhulupirira chabe, si kukumbukira ayi. Ine ndaima nawo amenewa. Komabe munthu mmodzi mwa anayi alionse si ochepa, makamaka poganizira kuti panalibe woopsezedwa kapena kugona m'chitokosi. Kunali kucheza mwaulemu basi.

Nanga munthu waukali kale? Katswiri wina wa saikoloje, Kenneth Dodge, anaonetsa mu 1980 kuti anyamata okonda ndewu, mnzawo akawalakwira mosadziwika ngati ndi dala kapena mwangozi, amathamangira kuti ndi dala. Apa mpomwe ndikuona kuti nkhani ziwirizi zikukumana. Wina akakuponda phazi mu minibasi, zomwe zachitika n'zachidule, koma zomwe umasunga ndi momwe wazimvera: "anandiponda dala, n'kundiyang'ananso monyoza." Ukafotokozera anzako kawiri katatu, diso lonyozalo limayamba kuoneka bwinobwino m'mutu mwako, ngakhale mwini wake ankangofuna pogwira. Sukunama, ukhoza kulumbira. Mukadzakumananso pa siteji, umayamba ndewu uli ndi chikhulupiriro chonse kuti ukungobwezera.