Linali thukuta, ndikubwerezanso

Tithane kaye ndi nkhani ya mpando. Inde, mpando uja unanyowa, sindikukana. Amene anaujambula n'kuponya chithunzi pa gulu lathu la WhatsApp ndikumudziwa, ndipo tsiku lake likubwera. Koma chimene chinanyowetsa mpandowo ndi thukuta. Thukuta, anthuni. Popeza mwandipatsa kale dzina loti Bambo Malita musanamve mbali yanga, khalani pansi ndikuuzeni. Amene akumva mkodzo apite akataye kaye madzi, chifukwa nkhaniyi ikayamba sindidikira munthu.

Woyambitsa zonse ndi adokotala. Mutu unkandiwawa masana alionse, ndiye kuchipatala anandipatsa kabotolo kuti ndikaikemo mkodzo. Nditabwera nako, anakakweza m'mwamba n'kukayang'anitsitsa, kenako anandiyang'ana ine.

"Bambo, madzi munamwa liti komaliza?"

Ndinati ndimamwa khofi kawiri patsiku.

"Sindinafunse za khofi."

Anandiuza kuti mkodzo wa munthu womwa madzi okwanira umakhala wachikasu pang'ono chabe, osati ngati wangawo umene unkafanana ndi oilo wa galimoto yotopa. Akuti madzi akachepa m'thupi, ubongo umatumiza homoni yotchedwa ADH kukauza impso kuti ziumire, zisataye madzi mwachisawawa, n'chifukwa chake mkodzo umatuluka wochepa, woderapo ndiponso wafungo. Potsanzikana anandiuza mawu atatu: "Muzimwa madzi ambiri." Atatu okha. Sananene kuti malita angati, sananene kuti nthawi yanji. Amene mukufuna wolakwa, yambirani pamenepo.

Ine ndine munthu womvera. Tsiku lomwelo ndinagula chibotolo cha malita 2, chija chokhala ndi chogwirira ngati chigubu, ndipo nonse munandiona ndikuyenda nacho mu ofesi ngati mwana wakhanda.

Kenako linafika Lachisanu lija la ulendo wolimbitsa thupi, woyenda pansi makilomita 10. Dzuwa linatuluka lolusa kuyambira m'mamawa. Usiku wake ndinali nditawerenga pa intaneti kuti munthu akamachita masewera kunja kukutentha amatha kutaya lita imodzi ya thukuta pa ola, ena mpaka kuposa pamenepo. Ndinatenga cholembera. Kuyenda maola awiri, kuchulukitsa ndi lita ndi theka, yankho malita 3. Ndiye ndinati m'malo moti thupi lindikongoze madzi panjira, bwanji ndilipiriretu. Masamuwo anali olondola, ndipo mpaka lero palibe amene wandionetsa pamene ndinaphonya. Kuyambira 7 koloko mpaka hafu pasiti 8 ndinamwa chibotolo chonse ndi theka lina. Ndikaponda pansi, m'mimba munkayankha kuti chubwi, chubwi.

Ndili pageti, nditavala thalauza langa lamasewera lotuwa lija, ndikudziwongolawongola limodzi ndi inu nomwe, foni inalira. Abwana.

"Kwabwera alendo ochokera kulikulu, ndipo mlembi sanabwere. Inu muli ndi dzanja labwino, takwerani mudzalembe maminitsi. Ndi theka la ola basi."

Theka la ola.

Chipinda chamisonkhano chija mukuchidziwa. Aircon yake ili ndi mabatani awiri okha, lozimitsa ndi la mochale. Anandikhazika kumapeto kwenikweni kwa tebulo, pambali pa abwana, khoma kumbuyo kwanga, chitseko kutsidya lina, ndipo pakati pa ine ndi chitsekocho panali anthu 14 ovala masuti, zikwama zawo pansi ndi nthambo za makompyuta zili yalayala.

Chimene sindinkadziwa nthawi imeneyo, koma pano ndingathe kuphunzitsa kalasi, n'chakuti madzi sasankhiridwa khomo lotulukira. Thupi ndi limene limasankha. Kukatentha limatsegula khungu, thukuta n'kumatuluka kuti likuziziritse, impso n'kumasunga zotsalazo. Kukazizira khungu limatseka, mitsempha ya magazi ya pakhungu imafinyika, magazi amakankhikira mkati, ndipo impso zikaona kuchuluka kumeneko zimati apa madzi asefukira, tiyeni tichepetse. Ine ndinali nditaitanitsa malita 3 kuti atulukire pa timabowo ta thukuta, timene munthu ali nato mamiliyoni awiri kapena kuposa. Timabowo tonseto tinatsekedwa nthawi imodzi. Panatsala khomo limodzi.

Impso zanga, zija adokotala anazinena kuti zikuumira, zinaona kuti mwayi wotsuka mbiri yawo ndi womwewu. Tsiku lililonse impso zimasefa malita pafupifupi 180, n'kubwezera m'magazi pafupifupi onse, mkodzo n'kungotsala lita imodzi ndi theka kapena chapompo. Tsiku limenelo ADH inapita kutchuthi, ndipo za kubwezera zinaiwalika. Chikhodzodzo cha munthu wamkulu chimasunga pafupifupi theka la lita. Theka. Ine ndinali ndi matheka 6 pamzere.

Patatha mphindi 20 ndinamva kugogoda kwaulemu, kwa mlendo wodziwa mwambo. Ndinati dikirani, tatsala pang'ono. Pa mphindi 40 mlendo uja anasiya kugogoda n'kuyamba kukankha chitseko ndi phewa. Ola litakwana tinali tidakali pa mfundo yachiwiri, ndipo papepala panali mfundo 9.

Ndikudziwa funso lanu, chifukwa mwandifunsa kale kakhumi: bwanji sunangopempha kutuluka? Ndinayesa. Ndinakweza dzanja, abwana n'kunena kuti, "Mlembi salankhula, amalemba." Anthu anaseka, inenso ndinaseka, ndipo ndikukulangizani kuti musadzayerekeze kuseka muli mmene ndinalili ine. Ndinayesanso kachiwiri, ndinali nditadzuka kale theka, mlendo wamkulu wa kulikulu n'kundiloza ndi cholembera: "Izi ndiye zofunika kwambiri, mulembe liwu ndi liwu." Ndinakhalanso pansi pang'onopang'ono ngati ndikukhalira mazira.

Apa m'pamene ndinapeza nzeru imene mukundiseka nayoyi, ngakhale ine ndimaonabe kuti inali ndi mutu. Ndinati ngati vuto ndi loti madzi asowa khomo, nditsegule khomo lina lija. Ndituluke thukuta. Zimene zili m'chikhodzodzo zitulukire pamphumi.

Kumbuyo kwa mpando wanga kunali juzi ya mlembi, yaubweya, yapinki. Ndinaivala. Ndinayamba kulimbitsa minofu ya ntchafu, kumasula, kulimbitsa, kumasula. Pansi pa tebulo miyendo inkapalasa njinga yosaoneka. Zitakanika ndinayamba kuganiza dala zinthu zoopsa: ngongole zanga zonse, imodzi imodzi, ndi chiwongoladzanja chake, uthenga uja ndinatumiza molakwika kwa apongozi, tsiku limene akazi anga adzadziwe mtengo weniweni wa foni yanga. Ndipo zinatheka! Thukuta linayamba m'manja, n'kubwera m'khwapa, kenako pamphumi, kenako msana wonse. Cholembera chinayamba kuterereka. Mumtima ndinati sayansi ndi imeneyi.

Kungoti pansi sipanasinthe kanthu. Ndinadzamva pambuyo pake kuti thukuta limachokera m'magazi, ndipo madzi akangofika m'chikhodzodzo ndiye kuti afika, tikiti yake ndi yopita yokha. Ndiye ndinali munthu wonyowa kunja, wodzaza mkati, wovala juzi yapinki.

Abwana anatembenuka n'kundiona.

"Aaa, bambo, mukudwala? Taonani thukuta! M'chipinda chozizira chonchi?"

Ndinati ndili bwino, bwana. Mawu anatuluka opyapyala ngati a mwana wa kwaya.

"Ayi, uku n'kuchepa kwa madzi m'thupi uku. Tawonjezerani aircon. Ndipatseni jagi."

Anthuni, jagi ija. Inali yagalasi, yodzaza, ndi timiyala ta ayezi tikuwombana mkati kuti ngwe, ngwe. Abwana anaimirira okha, munthu amene chiyambireni ntchito sanandipatseko ngakhale moni wapamanja, n'kuyamba kundithirira madzi ndi dzanja lawo. Sanathire msanga. Anakweza jagi m'mwamba ngati akuonetsa luso, madzi n'kumatsika kamtsinje kakang'ono, kosalala, kolira kuti tchororororo, ndipo chipinda chonse chinakhala chete kumvetsera. Ndinaona dontho lililonse. Ndinaona kuwala kwa getsi kukuvina m'kapu. Ndinaona kadontho kena katatsetsereka kunja kwa kapu, n'kuima pakati, n'kuganiza kaye, n'kupitiriza ulendo wake mwaufulu, popanda woletsa, popanda maminitsi olemba, ndipo ndinakachitira nsanje kadontho kameneko kuposa mmene ndinachitirapo nsanje munthu aliyense. Kapu itadzaza anaima. Anaiyang'ana. Anawonjezeranso pang'ono.

"Imwani yonse."

Maso 28 anali pa ine, kuphatikiza awiri a abwana, 30. Mayi wina wa kulikulu anati, "Imwani bambo, madzi ndi moyo." Ndinagwira kapu ndi manja awiri. Ndinamwa. Ndinamva madziwo akutsika kukhosi, akufika m'mimba, anzawo akuwalandira kuti takulandirani, koma malo kulibe. Nditaika kapu pansi abwana anafunsa ngati ndikumvako bwino, ine n'kugwedeza mutu, iwo n'kuthiranso ina kuti ikhale pafupi.

Za mfundo yachitatu mpaka yachisanu ndi chimodzi sindikumbuka kanthu. Ndinaona maminitsi anga Lolemba. Poyamba dzanja ndi lokongola ndithu, kenako zilembo zikuyamba kupendama, kenako zikukwera phiri, ndipo pa mfundo ya 7 ndinalemba liwu limodzi lokha: "chonde."

Patatha maola awiri ndi mphindi 10 mlendo wamkulu anati tipume pang'ono. Sindinathamange, amene akunena kuti ndinathamanga akunama, munthu wotero sathamanga. Ndinayenda mawondo ali pamodzi, mapazi okha ndi amene ankasuntha, ndikudumpha nthambo ndi zikwama, ndikupepesa aliyense. Pachimbudzi cha pamwamba ndinapeza ndowa pakhomo ndi amayi okolopa aja.

"Pepani achimwene, ndangothira mankhwala. Pitani cha pansi."

Masitepe 22. Ndinawawerenga, chifukwa pa sitepe iliyonse ndinkalonjeza Mulungu chinthu chimodzi, ndipo pofika pansi ndinali nditalonjeza zinthu zimene sindingakwanitse ngakhale nditapatsidwa moyo wina.

Ndinafika. Ndikufuna zimenezi zilembedwe: ndinafika. Chingwe cha thalauza chinali chitamangika mfundo yakufa ndipo ndinachidula ndi mano, koma ndinafika. Akatswiri ena a ku Georgia Tech ku America anapeza mu 2014 kuti nyama zoyamwitsa zolemera kuposa makilogalamu 3, kaya galu kaya njovu, zimatha pafupifupi masekondi 21 pokodza, mpaka anawapatsa mphoto ya Ig Nobel, imene imaperekedwa pa kafukufuku woseketsa, chifukwa cha zimenezo. Akanabwera kudzandiyeza ine, mphotoyo akanabweza. Munthu wina analowa, anamaliza zake, anasamba m'manja, anapesa tsitsi, anayankha foni, n'kutuluka, ine ndidakali pa ndime yoyamba. Ndinatsamira khoma ndi chipumi. Ndikuganiza kuti ndinaimbako nyimbo pang'ono.

Tsopano za thalauza. Mpopi wa m'chimbudzi cha pansi uja aliyense amaudziwa, ukangoukhudza umalavula madzi ngati wakwiya. Unandithira kutsogolo konse. Thalauza lotuwa silisunga chinsinsi, ngakhale chinsinsi chimene kulibe. Ndipo nthawi yomweyo m'pamene inu munkalowa kuchokera koyenda kuja, muli mbuu ndi fumbi, n'kundipeza pakhonde nditavala juzi yapinki, kutsogolo kuli chonchi, ndikugwira thalauza ndi dzanja limodzi poti chingwe ndinali nditadula. Ndikumvetsa mmene zinaonekera. Koma palibe ngakhale mmodzi amene anapita kukauyesa mpopiwo, ndipo zimenezi zimandiuza zambiri za mtundu wa anzanga amene ndili nawo.

Nditabwerera kuchipatala ndinawafotokozera adokotala zonse, ndikuyembekeza kuti apepesa. Anavula magalasi n'kundifunsa kuti malita angati. Nditati 3 pa ola ndi theka, sanaseke. Akuti impso sizitha kutulutsa madzi opitirira pafupifupi lita imodzi pa ola, ndiye ukamwa mothamanga kuposa pamenepo madzi amasungunula mchere wa m'magazi, ubongo umatha kutupa, ndipo alipo anthu amene anafa nazo, makamaka othamanga mitunda italiitali. Akuti ndizimwa pang'onopang'ono tsiku lonse, ndizimvera ludzu, ndiziyang'ana mtundu wa mkodzo. Ndinati zimenezo bwenzi mutanena tsiku loyamba lija. Anati ankaganiza kuti akulankhula ndi munthu wamkulu.

Mkodzo wa tsiku limenelo anauyamikira, koma. Akuti mtundu wake unali wabwino kwambiri.

Juzi ndinachapa n'kubweza, ngakhale mwini wake sakundiyankhabe moni. Mpando anautulutsa panja kuti uume ndipo sunabwererenso, sindikudziwa kuti uli kuti. Chibotolo chija akazi anga akuthirira maluwa. Maminitsi abwana akuti ndilembenso, ndiye ngati alipo amene akudziwa zimene anagwirizana pa mfundo ya 7 andiuze kumbali.