Mwana wa ku Bembeke ndi buledi wa mbatatesi

Kuno ku Belfast, ku Northern Ireland, munthu akakuitanani ku chakudya cham'mawa chimene amati Ulster fry, pambale pamabwera nyama ya nkhumba, masoseji, dzira ndi buledi wamitundu iwiri, wa soda ndi wa mbatatesi. Wa mbatatesiyu ndi wopyapyala, wofewa mkati, ndipo akamukazinga m'mafuta otsala a nyama ija munthu umaiwala kuti kunja kukugwa mvula. Alibe yisiti, safufuma, salowa mu uvuni. Ndi mbatatesi yophika, ufa wa tirigu pang'ono, batala ndi mchere, basi.

Kuphweka kumeneku ndiko kunandinamiza. Kutchalitchi kwathu analengeza kuti Lamlungu lotsatira tikaweruka tidzadyera limodzi, aliyense abwere ndi kanthu. Amayi ena achikulire anandifunsa ngati ndidzabweretse chakudya chakwathu. Pakamwa panga, posandifunsa mwini wake, panayankha kuti ayi, ndidzabweretsa buledi wawo yemweyo wa mbatatesi, wophika ndekha. Ndinawonjezanso kuti kwathu ndi ku Bembeke, boma la Dedza, kumene mbatatesi timayesa ndi ndowa osati sikelo, ndipo aliyense wodutsa pa Lizulu kapena pa Tsangano amadziwa. Amayiwo sanadziwe kumene kuli Lizulu, koma anagwedeza mutu mwaulemu.

Loweruka m'mawa ndinagogoda kwa agogo a khomo loyandikana nafe, amene anakulira kumpoto kwa dera la kuno lotchedwa County Antrim ndipo buledi ameneyu amamutcha fadge. Anandilongosolera bwinobwino atatsamira chitseko. Mbatatesi ikhale theka la kilogalamu, yamtundu wofumbutuka ikapsa, monga Rooster ya khungu lofiira ija, Kerr's Pink kapena Maris Piper. Uyiphike ndi makoko ake, usende ikadali yotentha, uyisiye kaye nthunzi ituluke. Kenako unyenye ndi foloko, uponyemo batala ndi mchere, ufa ungokhala magalamu 100 kapena kupitirira pang'ono. Dzanja lipepuke. Uyale chozungulira chopyapyala, udule panayi, uike pachiwaya chouma chowaza kaufa, mphindi zitatu kapena zinayi mbali iliyonse.

Ine ndinkangoti "inde, inde," mumtima ndikuti agogowa akufuna kuphunzitsa mwana wa ku Dedza za mbatatesi.

Kusitolo ndinaiona Rooster ija, koma pambali pake panali timbatatesi ting'onoting'ono tosalala, timene kuno amapangira saladi. Tinandikumbutsa kachewere wakumudzi, ndiye ndinatenga timeneto. Kunyumba ndinatisenda tonse tili tatiwisi, ntchito yotopetsa zedi, nkutidula tizidutswa kuti tipse msanga. Tinapsadi msanga, titamwa madzi okwanira. Zodikira nthunzi ndinaziona ngati za anthu opanda zochita.

Foloko ndinaiyesa, koma timibulu tinkangothawira m'mbali mwa poto. Apa maso anga anagwera pa blenda ya m'manja ya mnzanga wa ku Zomba amene timakhala nyumba imodzi. Iyeyo anali mtulo chifukwa anagwira ntchito ya usiku. Ndinaimiza mupoto nkudina. Poyamba zinaoneka zokongola, zosalala, zonyezimira. Nditafuna kuitulutsa blenda ija, poto yense ananyamuka nayo.

Amene munatcherapo mbalame ndi ulimbo muli ana mukudziwa zimene zinali mupotomo. Ndinagwira ndi chala, chala chinakanirira. Ndinathandiza ndi dzanja lina, nalonso linalowa m'gulu. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mbatatesi ili ndi sitachi yotsekeredwa m'timatumba tosaoneka ndi maso. Foloko imangotilekanitsa timatumbato, pamene mpeni wa blenda umating'amba tonse, sitachi nkukhuthuka. Mbatatesi ya saladi ndiye imanyanya, makamaka ikakhuta madzi.

Koma nthawi imeneyo sindinkadziwa za timatumba. Ndinkadziwa chinthu chimodzi chimene Mmalawi aliyense amadziwa: mupoto mukafewa, onjezera ufa. Ndinathira magalamu 100 aja, sizinamve. Ndinathiranso osayeza. Ndinatenga mthiko umene ndinabwera nawo kuchokera kumudzi, nkupanira poto ndi mawondo pansi pakhitchini, nkuyamba kuvundula ndi mphamvu zanga zonse, thukuta kamukamu. Paketi ya ufa ya kilogalamu imodzi ndi theka inatsala pang'ono kutha.

Foni inalira. Anali amayi, pa vidiyo ya WhatsApp. Ndinayankha ndi chigongono.

"Kodi iwe, ufa kumaso konseko, wayamba ganyu ya kuchigayo?"

"Ayi amayi, ndikuphika buledi wa mbatatesi."

"Wa chiyani?"

"Wa mbatatesi. Ndi chakudya cha kuno."

Anakhala chete, kenako ndinamva akuitana mlongo wanga kuti adzaone. Anandiuza kuti ndiyandikize foni kupoto. Atayang'anitsitsa anati, "Mwananga, ngati ndalama zavuta kumeneko uzinena. Tikhoza kukutumizira ufa wa mgaiwa." Mlongo wanga ankaseka mpaka foni inagwa, ndinangoona denga la malata.

Sindinagonje. Mtanda uja ndinaugwetsera patebulo nkuyamba kuuyala ndi botolo. Ndikaukankhira kutsogolo, unkabwerera wokha. Ufa wa tirigu ukaukanya kwambiri umatanuka, ndipo ine ndinali nditaukanya mokwanira kudyetsa maliro. Kupyapyala kuja kunakanika, ndinangovomera zochindikala ngati chikhatho changa. Kudula panayi ndinadula ndithu, mbali imeneyo ndinamvera.

Tsono chiwaya chouma. Apa mtima wanga unakana. Chinthu chimapsa bwanji popanda mafuta? Mandasi, zitumbuwa, tchipisi cha pachiwaya, zonse zimasambira. Ndinathira mafuta ndithu, nkukweza moto kuti ndibweze nthawi imene ndinataya. Kunja kunada mofulumira, mkati muli phala. Utsi unadzaza khitchini, ndipo kachipangizo ka padenga kochenjeza za moto kanayamba kulira mokuwa.

Mnzanga wa ku Zomba anatsika masitepe atavala kabudula yekha, pasipoti ili m'manja. Mpaka lero ndimamulemekeza chifukwa cha zimenezi: munthu wodzidzimuka kutulo, koma anadziwa choyamba kupulumutsa. Anandipeza nditakwera pampando ndikukupiza kachipangizoko ndi thaulo, thaulolo litandimatirira kudzanja.

"Aise, nyumba ya eni ake iyi! Ukuotcha chiyani?"

Asanamve yankho anaona blenda yake itaima chilili mupoto, yokha, popanda woigwira. Sananenenso kanthu. Anakhala pansi pamasitepe nkugwira kumutu.

Agogo aja nawo anafika, atamva phokoso kudzera kukhoma. Anatsegula mawindo, nkuzimitsa moto, kenako anatola chidutswa chimodzi. Anachipinda, chinawongoka. Anachigogoda patebulo. Anafunsa kuti ndathira ufa wochuluka bwanji, ndinawalozera paketi. Anafunsa za mbatatesi, ndinawalozera timakoko m'bini. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nkunena mofatsa kuti amayi awo ankaphika buledi ameneyu ndi mbatatesi yotsala dzulo pofuna kusunga ufa, chifukwa ufa ndiwo unali wogula. Ine ndinali nditachita zotembenuza: ndinawononga ufa wa mwezi wathunthu pofuna kupulumutsa mbatatesi ya ndalama zochepa.

Anati akanandiphikira, koma madzulo amenewo ankapita kwa mwana wawo ku Ballymena. Mnzanga uja analawa kachidutswa ka m'mphepete, natafuna, natafunabe, mpaka anapita kukasamba akutafuna.

Usiku ndinaganiza mofatsa. Mawu ndinali nditapereka kale pamaso pa mpingo. M'mawa wa Lamlungu ndinadzera kusitolo, nkugula mapaketi a buledi wa mbatatesi wopangapanga. Ndinamutenthetsa pachiwaya, chouma ulendo uno, nkumuwaza kaufa pamwamba kuti aoneke wapakhomo. Ndinamuyala bwino m'mbale, nkuvundikira ndi kansalu koyera. Mapepala ake ndinakataya m'bini ya pamsewu, kutali ndi nyumba.

Kuholo ya tchalitchi amayi aja anandilandira ndi chimwemwe. Anavundukula kansalu, anzawo atazungulira. Panadutsa kamphindi. Pambali pa mbale yanga panali mbale ya mayi wina, buledi wake yense wa makona atatu, mbali imodzi yokhota, chifukwa chozungulira ukachidula panayi chimatuluka chotero. Wanga yense anali wa makona anayi, wofanana ndendende, m'mbali mowongoka bwino mmene amadulira makina a kufakitale.

"Mwaphika bwino kwambiri," anatero amayiwo. "Nafenso timagula yemweyu tikatopa. Sabata ino ali pa mtengo wotsika, eti?"

Ndinati inde, mapaketi awiri pa mtengo wa imodzi.