Mmene Foujita ankagwiritsira inki ya ku Japan pa penti ya mafuta

Tsuguharu Foujita anabadwira ku Tokyo mu 1886, ndipo mu 1913 anafika ku Paris n'kukhazikika m'dera la mumzindawo lotchedwa Montparnasse. Zimene ankajambula zinali za mumzindamo: akazi, amphaka, zipinda ndi makwalala. Koma mzere wake wakuda, woonda ngati tsitsi, anabwera nawo kuchokera kwawo. Chofunika kumvetsa n'chakuti mzerewo suyambira pa burashi, umayambira pa nsalu.

Inki yakuda ya ku Japan, yotchedwa sumi, amaipanga ndi mwaye ndi guluu wa zikopa za nyama, n'kuiumitsa ngati kandodo. Kandodoko amakanola pa mwala wotchedwa suzuri atathirapo timadontho ta madzi. Pamenepa ndiye pagona vuto, chifukwa penti ya mafuta imakana madzi. Mukalemba pa penti yonyezimira, inki imangoundana timadontho, mzere n'kudukaduka.

Foujita ankapaka nsalu yosalala penti yoyera, kenako n'kutikitapo ufa wa talc, ufa woyera wofewa kwambiri wochokera ku mwala. Ufawo umapha kunyezimira kwa mafuta, inki n'kupeza pogwira. Khungu loyera ngati mkaka la akazi a m'zithunzi zake, limene linamutchukitsa cha m'ma 1920, linkatuluka momwemu.

Wofuna kuyesa asankhe nsalu ya ulusi waung'ono kwambiri, chifukwa pa yokhakhala burashi imadumpha. Apake penti yoyera mopyapyala kawiri kapena katatu, kudikira kuti yoyamba iumiretu asanapake ina. Apa ndi pamene anthu amapupuluma. Penti ya mafuta imauma pamwamba mkati mukadali mofewa, ndiye ufa umamira, pamalopo n'kukhala zigamba. Ndi bwino kuipatsa masabata angapo, osati masiku. Ikauma, aipalepale ndi sandipepa wosalala, atikitepo ufa pang'ono ndi kansalu kofewa, wotsalawo aupukute. Ukachuluka, inki imagwira ufa m'malo mwa penti ndipo imadzasupuka. Ufawu si wopumira m'mapapo, komanso penti yoyera ya mtovu imene ankagwiritsa ntchito kale ndi poizoni. Ya titanium ndi yabwinoko.

Burashi yake ndi menso, yoonda, ya nsonga yakuthwa. Imagwiridwa chilili, ndipo mzere umakokedwa kamodzi ndi mkono wonse, osati ndi zala zokha. Kubwerezapo kumaunenepetsa, ndipo pa nsalu yoyera chonchi cholakwa sichibisika. N'chifukwa chake chithunzi chimayamba chajambulidwa papepala mpaka dzanja litachizolowera, kenako n'kupita pansalu.